Manyowa a M'khola la Amalume

Dimba limene ndimalima ku Mwase anandisiyira ndi bambo. Atamwalira, mayi anapita kukakhala kwa achemwali ku Chipata. Ine sukulu ndinali nditaisiya kale. Ndinatsala ndi mabedi khumi ndi awiri, chitsime, makeni awiri othirira, ndi mtima wanga wapachala.

Chaka chilichonse mvula ikatha, amalume ankabweretsa ngolo ziwiri za manyowa a m'khola lawo n'kukhuthula pakona ya mpanda. Ine ndinkachita monga ankachitira bambo: manyowa pansi, kenako feteleza kachitsekerero kamodzi ka botolo pa phando. Chifukwa chake sindinafunsepo. Ndinkaganiza kuti manyowawo ndi chizolowezi chabe cha akuluakulu, wogwira ntchito weniweni ndi wa m'thumba uja.

M'mawa wina ndinapeza ng'ombe ya amalume, yofula yamawanga, ili pakati pa lepu wanga. Inali itathyola mpanda n'kumaliza mabedi atatu, lepu woti mawa lake ndipite naye ku boma. Inandiyang'ana uku ikutafuna. M'manja ndinali ndi khasu. Ndinaponya, ndipo linakatema mwendo wakumbuyo, pamwamba pa chiboda.

Amalume atafika anagwada n'kuyang'ana balalo nthawi yaitali.

"Iwe, ukanandiitana," anatero. "Lepu amaphukanso. Nanga mwendo?"

"Mukanaimanga! Kapena ine ndine wolimila ng'ombe zanu?" Ndinawaloza chala, anthu a m'madimba oyandikana akuona. "Ndowe zanuzo musabweletsenso pano. Feteleza ndimagula ndekha."

"Chabwino, bwana," anatero amalume, n'kuikusa ng'ombe yawo pang'onopang'ono.

Kwathu, woloza chala amalume ake samukalipira ayi, amangomusiya. Amayi amene ankatunga pachitsime changa anayamba kukatunga kwina. Wodutsa ankangoponya moni woti "Mwawuka uli?" ali kale patsogolo, osadikira yankho. Ndinkathirira ndekha, kudya ndekha pansi pa nthochi, wailesi ya pafoni ikulankhula yokha.

Chaka choyamba feteleza yekha anandikomera. Masamba anatambalala ngati mbale. Ndinkafuna wina woti ndimuonetse, koma panalibe. Chaka chachiwiri dothi linayamba kundikana. Linauma gwa, ngati njerwa. Ndikathira madzi ankangothamanga pamwamba n'kukagwera m'ngalande, pofika masana lepu wafota. Nyongolotsi zimene ndinkazidula ndi khasu masiku a bambo sindinaonenso ngakhale imodzi. Ndinapsa mtima n'kuwonjezera feteleza wa yuriya. Masamba anapsa m'mphepete. Ndinakokola zitosi zaziwisi m'khola la nkhuku zanga n'kuthira pa mbande, pamwamba yuriya winanso. Patatha masiku atatu pafupifupi nazale yonse inali itagona. Keni imodzi ndinaiponda mpaka kuphwanyika.

Mayi pafoni anati, "Ngati dimba lakukanika, mwanawe, lisiye ena alime. Bwela kuno uzikankha wilibala pa msika."

Dimbalo bambo analikumba ndi manja awo, ndipo ine ndinali kulipha.

Pakona paja pamene ngolo inkakhuthula panamera bonongwe yekha, wobiriwira bii, wosathiriridwa n'komwe. Tsiku lina ndinamuzula kuti ndikaphike, ndipo dzanja linalowa m'dothi mpaka m'mfundo. Linali lakuda, lozizira, lofewa ngati gaga wonyowa. Ndinawokerapo mbande zisanu zimene zinapulumuka, n'kuthira kachitsekerero kamodzikamodzi ka feteleza yemwe uja amene ankawotcha kwina konse. Zinakula ngati za bambo. Ndinaziyang'ana milungu itatu, ndikufunafuna njira ina yopezera manyowa yosadutsa kwa amalume. Panalibe. Ena onse a ng'ombe m'mudzimo anali ataona chala chija.

Ndinagwira tambala wanga, n'kumupana m'khwapa. Amalume ndinawapeza akusema mpini. M'khola munali ng'ombe ija, ikutsimphina. Inali isanakokenso ngolo chiyambire tsiku lija.

"Odi, amalume."

"Odini. Ah, bwana wa feteleza! Mpando ndilibe woyenela inu."

Ndinakhala pansi, pa dothi.

"Ndinalakwa, amalume."

"Kwa ine, kapena kwa iyo?" Analoza kukhola ndi kasemasema.

"Konse."

Anapitiriza kusema mpaka ndinayamba kumva kutentha m'makutu. Ndinaluma mlomo. Kenako anatambasula manja n'kulandira tambalayo.

"Manyowa apamwambawa usatenge, ngaawisi, akakuwotchela mbewu. Kumba kukhola lakale, akuda aja osanunkha. Usakanize ndi dothi, udikile milungu iwili. Fetelezayo uzithila ngati mchele, iwe, osati ngati ufa."

"Nanga ngolo?"

"Ngolo ilipo. Yokoka ndiyo unaidula mwendo. Njinga uli nayo?"

Manyowa owolerana ndi olemera. Pa njinga pamakwera matumba awiri basi, ndipo kuchokera kwa amalume kukafika kudimba pali mchenga wokana kupalasa. Ndimakankha. Bedi limodzi limadya maulendo anayi. Pano mabedi asanu ayamba kumwa madzi, ndipo feteleza amene kale ankathera pa bedi limodzi akukwanira awiri. Asanu ndi awiri enawo akadali njerwa. Mayi ndinawauza kuti wilibala idikire.

Amalume kudimba sanafikebe. Amayi awiri ayambanso kutunga pachitsime, koma amabwera ine ndikapita kukatenga manyowa. Ndimangoona mapazi awo m'matope. Masamba akunsi a lepu, achikasu aja, ndimawanyamula m'thumba lopanda kanthu n'kukawaponya m'khola. Ng'ombeyo ikandiona imatsimphinira kumbali ina n'kuima chondifulatira. Imadya ndikachoka.