Tambala Wachadodolido wa Che Sefu

Pakhonde la sitolo ina ku Area 1 tinkakhalapo awiri, ine Bauleni wosoka nsapato ndi Che Sefu okonza mawotchi. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 3, titagwirizana ndi aphunzitsi kuti tisavutitsane. Che Sefu anali aafupi, a kofia yoyera, ndipo mawu ankawatulutsa ngati akugula.

Ntchito anaiphunzira ku Limbe, nabwera nazo zizolowezi ziwiri. Choyamba, wotchi sankaiyang'ana kumaso. Ankaitsegula kumbuyo, amvekere, "Nkhope ndi ya mwiniwake, yanga ndi mimba." Chachiwiri, akangotsegula ankalemba ndi singano m'kati mwa chivindikiro chilembo choyamba cha dzina lawo m'Chiarabu, kuti wina asadzawanamizire wotchi yoonongedwa ndi mmisiri wina. Tauni yonse inkachidziwa chilembocho.

Lachiwiri lina m'chaka cha 1978 kunabwera bambo wa suti. Anatulutsa wotchi m'kampango nkuiika patebulo chafufumimba.

"Yaima. Ndine Maynard, wa ku Area 11. Ndibwera Lachisanu."

Anachoka osafunsa n'komwe kuti ikonzedwa bwanji. Che Sefu anatsegula, nkulemba chilembo chawo, nkusuzumira ndi kagalasi ka padiso. Matenda sanawapeze. Ataipukusa inayamba kuyenda. Apo mpamene anaitembenuza.

"A Bauleni, tabwerani," anatero motsitsa mawu.

Masiku amenewo tambala wakuda sanali nkhuku wamba. Anali chizindikiro cha chipani, ndipo chipani chinali chimodzi. Ankakhala pa makhadi, pa nsalu, ndi pa mawotchi ngati imeneyi, amene akuluakulu ankapatsidwa. Manambala anali bwinobwino, 12 pamwamba, 6 pansi. Koma tambala miyendo inaloza pa 12, mutu uli lende pa 6, ngati nkhuku yopita kumsika pa njinga.

"Apa changotsala ndi tomato ndi anyezi," ndinatero.

Sanaseke. Inenso ndinacheuka kuona ngati khoma lamva. Tonse tinkakumbukira mnyamata wa telala wina wa mumsika... ayi, telala mwiniwake, amene posoka diresi anadula tambala pakhosi. Anamutenga pa Landilova masana, makina ake akadali ndi ulusi, ndipo mpaka nthawiyo mkazi wake ankayendabe m'mapolisi kumufunsa.

"Alakwitsa ndi a ku fakitale, kunja," Che Sefu anatero. "Utoto uwu sunakhudzidwe."

"Nanga fakitaleyo yalemba dzina lake ndi singano m'katimo?"

Kutembenuza nkhope ya wotchiyo kukanaimika tambala nkugwetsa manambala. Kufufuta chilembo kukanaboola chivindikiro, poti chinali chopyapyala ngati chitini cha mkaka. Ndinati tikaiponye mumtsinje wa Lilongwe. Iwo anati, "Mwiniwake akabwera Lachisanu ndi mboni, ndidzati tambala wa chipani ndamuponya m'madzi?"

Lachisanu Che Sefu anapita ku mzikiti wotchi ili m'sokosi. A Maynard sanabwere. Loweruka ndinapalasa njinga mpaka ku Area 11, kumene agalu amanenepa kuposa ife, ndipo nditafunsafunsa ndinawapeza pageti.

"Sindikudziwani bambo, ndipo ine wotchi sindivala," anatero.

Padzanja pawo panali mzere woyererako pamene lamba ankadutsa. Apo ndinazindikira kuti wotchiyo sinabwere kudzakonzedwa. Munthu anabwera kudzatula njoka m'thumba la mnzake.

Sabata imeneyo Che Sefu anaonda ndikuwaona. Galimoto ikaima pamsewu, timasukuluwu ta mawotchi tinkawagwa m'manja. Akazi awo, mayi Asiatu, anawamangira kachikwama ka bulangete ndi sopo, kamene kankakhala pansi pa tebulo.

Panali mzungu wina wa ku Area 9, woyeza malo a nyumba zatsopano ku City Centre, amene ankatolera mawotchi achilendo. Atabwera Lachinayi, Che Sefu anamuonetsa atabisa ndi kofia. Maso a mzungu anawala. Anati kwawo chinthu cholakwika ku fakitale amachilimbirana, chimaposa chabwinobwino, chifukwa mwina padziko lonse chilipo chimodzi. Ine mumtima ndinati, ndiye ine kwawoko ndikanakhala wamtengo wapatali. Koma atatsegula kumbuyo anaona chilembo chija chikunyezimira.

"Munthu watsegula posachedwa," anatero m'Chichewa chake chopunduka. "Ine ndidziwa bwanji iye sanajambule yekha?"

Anaisiya patebulo nkumapita. Che Sefu anandiyang'ana. "Uyu amafuna kukhulupirira, koma wakana. Nanga amene safuna?"

Asanaibise, mthunzi unagwera patebulo. Anali a Paxton, tcheyamani wa chipani m'dera lathu, akuyendera makhadi. Athu anali m'thumba, koma iwo maso anali pa wotchi. Anaitola nkuiyang'ana nthawi yaitali.

"Che Sefu, tambalayu watani?"

Ndinaona phazi la Che Sefu likufufuza kachikwama kaja. Koma ine pakamwa panga sipanayambe pandipempha chilolezo.

"A tcheyamani, mwaiona mochedwa. Imeneyo ndi ya atsogoleri okhaokha. Tabweretsani dzanja."

Ndinawamanga lamba. "Tsopano gwirani pachifuwa, ngati mukulonjera msonkhano. Tayang'anani pagalasi la sitoloyo."

Munthu akagwira pachifuwa, wotchi imatembenuka. Pagalasipo tambala anaima chilili, mutu m'mwamba.

"Mwaona? Saimirira mwini wotchi. Amaimirira anthu."

A Paxton anatsitsa dzanja, tambala nkugwa. Anakwezanso, nkuima. Anachita zimenezi katatu, ine ndikuwerenga m'mutu ana anga.

"A Bauleni, mumalankhula kwambiri inu," anatero. "Tsiku lina pakamwapo padzakupezetsani."

"Zoona bwana, ngakhale mayi anga ankatero."

"Iyi ndaitenga. Sikhala pakhonde."

Atapita, Che Sefu anakhala pansi penipeni, pasimenti. Ndinati tsopano tapuma. Iwo anapukusa mutu. "Chilembo changa chapita nawo."

Ndipo chinapitadi, ku msonkhano uliwonse, zaka zambiri. A Paxton anatchuka ndi ulemu, poti dzanja silinkachoka pachifuwa. Che Sefu ankawatsatira mwezi ndi mwezi kuti aipukute ndi kuithira mafuta, kuopa kuti ingaime nkukatsegulidwa ndi mmisiri wina. Mu Lilongwe monse munalibe wotchi yosamalidwa ngati imeneyo. Kachikwama sikanachoke pansi pa tebulo.

Kuyambira tsiku lija wotchi iliyonse Che Sefu ankayamba aiyang'ana kumaso, nthawi yaitali, ngati mkamwini wobwera kudzafunsira. Singano ija anandipatsa ine. Ndimatokosera minga m'zidendene za nsapato, ndipo sindinalembepo nayo kanthu.