Dzanja la a Chiwaya

A Chiwaya anakalambira pamoto. Dzina lawo lenileni linatsala ndi mayi awo, poti aliyense wotsika basi pasiteji paja ankawadziwa ndi chiwaya chawo chakuda chokazingiramo nkhuku ndi tchipisi. Sukulu sanapite nayo patali, nkhope nayo inali ya bola moyo. Koma ukaipa dziwa nyimbo, ndipo nyimbo yawo inali dzanja. Mchere, tsabola, adyo, zonse ankatapa ndi zala osayeza, ndipo mafuta akapsa ankawamva ndi khutu. Okazinga analipo mbwee, koma anthu ankawadutsa onsewo n'kudzapanikizana pakhonde la a Chiwaya, utsi uli m'maso.

Chinawalodza ndi wailesi. Tsiku lina akusenda mbatata anamva mbiri ya mkulu wina wakunja amene anayamba ndi poto mmodzi, n'kumwalira ali ndi malo odyera m'mizinda yosawerengeka. Phunziro lake lalikulu akuti linali ili: bizinesi yeniyeni ndi imene imayenda mwini wake palibe.

"Mwamva, mayi a ana?" anatero a Chiwaya. "Ine ndikangodwala, pano patsekedwa. Imeneyi si bizinesi, ndi ukapolo."

"Zapawailesi izo," akazi awo anayankha. "Sendani, mbatata zikuda."

Sanamve. Anaitana mlamu wawo, mchimwene wa akazi awowo, bambo wamkulu amene ankangozungulira pasiteji manja ali m'thumba. Anagula timasipuni toyezera ndi kawotchi, nayamba kuyeza zimene zala zawo zinkachita zokha, kuti amuphunzitse mlamuyo. Mlamuyo anali ndi mutu wouma ngati mbatata yosapsa, koma a Chiwaya sanatope. Sanabise kanthu, ngakhale kandimu kamene ankafinyira kumapeto, kamene akazi awo omwe sankakadziwa.

Ndiye tsoka silinunkha. M'mawa wina chiwaya chinapendekeka, mafuta owira n'kukhuthukira dzanja lamanja lija. Anagona m'chipatala, kenako kunyumba, miyezi ndithu. Zala zinapola zitakwinyika, zosatha kutsina ngakhale mchere.

Tisanamizane, pamphasa paja a Chiwaya ankalakalaka bizinesi itagwedezeka pang'ono. Osati kugwa ayi, kungotsimphina, kuti anthu adziwe amene wasowa.

"Akundifunsa?" ankatero a Chiwaya, akazi awo akaweruka.

"Akufunsa," mayiyo ankayankha, maso ali kuntchito ina.

Tsiku lobwerera anavala epuloni yochapa, mtima uli dyokodyoko. Anapeza mzere wafika pamsewu. Khonde analikuza, ziwaya zinali ziwiri, ndipo mlamu uja, mimba itayamba kutuluka, ankalamula atsikana awiri ovala zipewa zoyera. Mmodzi wa atsikanawo anawaimitsa.

"Agogo, mzere ukuyambira uko."

Akazi awo anathamanga kudzakonza zinthu, mlamu naye anabwera akupukuta manja.

"Alamu, mwatisangalatsa! Koma pamoto ayi, dzanjalo lingatichititse ngozi ina. Khalani apa mupume, ife tilipo."

Anawakhazika pampando wapulasitiki kuseri, pafupi ndi ndowa ya makoko. Zinawawawa koopsa, koma akanakwiyira yani? Munthuyo ankanena zoona.

Posakhalitsa anatulukira dalaivala wina wa minibasi amene ankadya pamenepo kuyambira ali kondakitala, akunyambita zala. A Chiwaya anadzuka msangamsanga.

"Mwandisowatu, achimwene!"

Dalaivalayo anaima, nawayang'ana modabwa. "Aa, kodi munachokapo, madala? Ine ndimayesa muli kumbuyo kuno. Nkhuku yake ndi yomwe ija!"

Anawagwira paphewa mwachikondi, n'kuthamangira galimoto yake.

Akazi awo anawabweretsera mbale, ntchafu ya nkhuku ndi tchipisi. A Chiwaya anadya ndi dzanja lamanzere, pang'onopang'ono, lilime likusakasaka cholakwa. Mwina mchere wapitirira. Mwina mafuta anapsa kwambiri. Mwina ndimu aiwala. Akanapeza kamodzi kokha, akanaimirira n'kukalipa, ndipo mawa akanakhala ndi chodzukira.

Anatafuna mpaka fupa. Panalibe cholakwa ngakhale chimodzi.

"Zili bwanji, bambo a ana?"

"Zili bwino," anatero, misozi ili lengelenge. "Ndinam'phunzitsa bwino."

Anavula epuloni ija, naipinda ndi dzanja limodzi, n'kuisiya pampando. Mtsikana uja podutsa anaitola n'kupukutira tebulo.