Zitini za Malume Stafford

Malume anga, a Stafford Nakhumwa, anamwalira ali nkhalamba yopanda dzino ndi limodzi lomwe, koma kwathu ku Nsabwe panalibe wowatchula dzina lawo lenileni. Aliyense ankangoti a Zitini. Ana ankayesa kuti mwina kale ankakhoma ndowa. Ine ndikudziwa kumene dzinalo linachokera, chifukwa ndine ndinawasunga zaka zawo zomaliza, ndipo nkhani imodzi yomweyi anandiuza kambirimbiri mpaka inenso ndinayamba kuiopa.

Anabadwira kutsidya kwa Ruo, kwa Apwitikizi. Anaoloka mtsinjewo pamodzi ndi mlongo wawo, amene ndi mayi anga, pothawa chikwapu. Anafikira pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, kumene mzungu ankapatsa Alomwe malo omangapo nyumba ndi kamunda ka nandolo, iwo n'kumagwira thangata. Lamulo lake linali lalifupi. Ukamagwira ntchito ukhala, ukaleka nyumba yako aigwetsa. Munthu wokhala pa nthaka yotere sabwezera mzungu mawu. Malume anaphunzira mawu awiri, "Inde bwana," ndipo anayenda nawo zaka makumi awiri osapunthwa.

Ntchito yawo inali yodulira tiyi. Anakwatira a Eneless, mayi wothyola tiyi, wamfupi, wa pakamwa pakuthwa, ndipo anali ndi mwana mmodzi, Jean. Anthu ankaseka kuti m'nyumba imeneyo mawu onse a banja anatha ndi mkazi.

Dzinja la 1931 kamwazi analowa m'malaini a antchito. Anthu ankathamangira kutchire kakhumi tsiku limodzi, n'kumachita magazi okhaokha. Tiyi anayamba kukalambira m'munda, ndipo pamenepo m'pamene eni esiteti anakumbuka kuti antchito ali ndi mimba. Anaitanitsa dokotala wachizungu, munthu wowonda, amene anamanga chisakasa cha odwala kuseri kwa fakitale. Anabwera ndi Winston, bambo wachikulire wophunzira kumishoni, womanga zilonda ndi kubaya jakisoni. Dokotalayo ankakhala tsiku lonse atawerama pa kachitsulo ka magalasi, diso limodzi atatsinzina. Sabata isanathe anali atapatsidwa kale dzina lakuti Disolimodzi.

Sanabwere kudzachiza kokha. Ankafuna kudziwa kuti n'tizilombo tanji tikudya matumbo a anthu, ndiponso kuti mankhwala amphamvu ndi ati, jakisoni kapena ufa wachikasu. Choncho aliyense wa m'malaini anapatsidwa katini kolembedwa nambala, kuti m'mawa aikemo chimbudzi chake. Katini kakapezeka ndi tizilombo, nambalayo ankaichonga ndi inki yofiira m'buku lake, ndipo mwini wake ankamugoneka m'chisakasa.

Apa m'pamene panavuta. Kwathu chimbudzi cha munthu si chinthu chopatsa mlendo. Tonse tinakula tikudziwa kuti wokufunira zoipa amangotapa pamene wadzithandiza, basi mimba yako ili m'manja mwake. Ndiye mzungu wa diso limodzi afune cha mudzi wonse, cholembedwa nambala! Ena anaikamo matope. Gogo wina anaikamo za mbuzi. Palibe amene analola kusenza bokosi la zitinizo, mpaka kapitawo analoza munthu amene ankadziwa kuti sakana.

Umu ndi mmene malume anakhalira a Zitini. M'mawa uliwonse ankayenda khomo ndi khomo m'chifunga, bokosi pamutu, ntchentche pambuyo. Azimayi ankalowetsa ana m'nyumba akawaona. Kumowa anthu anasiya kuwapatsira chipanda. Iwo ankangoti, "Musaope abale, ine ndaona ndi maso anga, amangoyang'ana pagalasi." Ndipo zinali zoona. Tsiku lina Winston anawaonetsa, ndipo anaona kanthu konga dontho la phala kakukwawa pang'onopang'ono.

Amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Uyu anadza nako kenikeni.

M'chisakasamo munali munthu wina wongofika kumene kuchokera kutsidya, dzina lake Bizwick, wopanda m'bale ndi mmodzi yemwe pa esitetipo. Anamubaya jakisoni masiku asanu ndi limodzi koma osasintha, ndipo Lachinayi masana anatsirizika. Tsikulo Winston anali atapita kuboma kukatenga mankhwala. Disolimodzi anaima pafupi ndi mtembowo, nakanda chibwano, n'kunena m'Chinyanja chake chopindika:

"Ndifuna kuona m'kati."

Anakodola malume kuti agwire beseni. Zimene anaona masanawo sankazifotokoza zonse, ngakhale ali nkhalamba. Ankangoti mpeni unayambira pachifuwa mpaka pansi pa mchombo, ndipo dokotalayo anatambasula matumbo patebulo n'kumawerenga zilonda ndi chala. Anadula kachidutswa n'kukaika m'botolo la madzi oluma m'mphuno. Kenako anasoka mimbayo ndi ulusi ngati thumba la tiyi. Bizwick anaikidwa m'manda, koma kachidutswa kake kanatsala pashelefu, kali ndi nambala.

Malume sanauze munthu. Anakasamba kumtsinje kawiri, ndipo masiku atatu chakudya chinawakanika kumeza.

Sabata yotsatira a Eneless anayamba kutsegula m'mimba.

Poyamba anabisa, koma m'nyumba ya chipinda chimodzi mungabisenji? Malume anaona magazi pachitenje. Mawa lake linali tsiku la laini yawo, ndipo anaika katini ka nambala 214 m'manja mwa akazi awo. A Eneless anachita zimene anauzidwa. Koma malume atafika m'mabulugamu, panjira ya kuchisakasa, anatula bokosi pansi. Anaganiza za inki yofiira, za chisakasa, za tebulo lija. Anakhuthula katiniko m'dzenje, nakatsuka, naikamo chimbudzi cha iwo eni.

Madzulo Winston anawauza nkhani yabwino. "Akunyumba kwanu alibe kanthu, achimwene. Nambala yawo yayera."

Malume anathokoza.

Ndikafika apa ndimawakwiyira malume, ngakhale ndikudziwa kuti ine sindinagwirepo beseni limenelo. Masabata anayi anapita. Anthu ambiri amene anagonekedwa m'chisakasa anatuluka akuyenda okha, n'kubwerera kumunda. A Eneless okha ankangotha. Dengu la tiyi linayamba kuwalemera, chibangiri chinayamba kuvuka chokha padzanja. Anamwa mizu yonse imene ankaidziwa, anamwa makungwa a mango, koma magazi osaleka. Kapitawo anabwera kawiri kudzafunsa chifukwa chimene munthu wopezeka wabwinobwino akujomba.

Tsiku lachitatu la kujomba, a Eneless anawaitana amuna awo ali gone pamphasa.

"Bambo a Jean, anzanga onse achira. Ine mukunya wanuyo akuti ndilibe nthenda. Nanga ichi n'chiyani?" Mukunya ndi mmene Alomwe timatchulira mzungu.

Malume anaulula za katini, koma za Bizwick anameza. Ankayembekeza kulalatiridwa. Koma a Eneless sanalalate.

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko," anatero. "Mimba ndi yanga. Inu munanditsekera chitseko bwanji? Tengani katini kena, mukanene zimene munachita."

Kukanena kunali kuika ntchito ndi nyumba pamoto, koma anapita. Anagwada pakhomo la chisakasa, chipewa m'manja, nayamba kufotokoza. Disolimodzi anafiira nkhope, nakalipa m'chizungu, nafufuta mzere wina m'buku lake. Sanawamenye. Analanda katiniko n'kukawerama pagalasi. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati abweretse kena mawa. Mawa lake anatinso kena.

Tsiku lachitatu, Loweruka, anawaitana malume m'kati. Winston anali kumalaini kukabaya odwala, ndiye panalibe womasulira. Dokotalayo sanali wokwiya. Maso ake ankawala, ndipo zimenezi zinawaopsa malume kuposa mkwiyo.

"Mkazi wako alibe tizilombo," anatero. "Magazi alipo, mafinya alipo, tizilombo palibe. Nthenda iyi ndinaona kwathu, ku Ulaya. Kuno sindinaone, ngakhale mmodzi. Mkazi wako ndi woyamba." Anatsegula tsamba latsopano m'bukumo n'kulemba nambala 214 pamwamba, yokhayokha. "Bwera naye Lolemba. Ndifuna kuona m'kati."

Malume ankati anamva ngati wina wawathira madzi ozizira kumsana. Mawu ake omwewo, kukanda chibwano komweko. Pashelefu, kumbuyo kwa mutu wa dokotala, botolo la Bizwick linali pomwepo. Ndipo Bizwick uja anali atafa kale, pamene a Eneless anali amoyo.

"Inde bwana," anayankha.

Lamulungu m'mawa, anthu ali kutchalitchi, anamanga machila a chiguduli pa nsungwi. Mlamu wawo, amene ndi bambo anga, anagwira kutsogolo, iwo kumbuyo, Jean akutsatira ndi kamtolo. Anasiya nyumba, nandolo wosakolola, ndi nkhuku zinayi. Analowera kumwera, kumapiri a Nsabwe, kumene azakhali a a Eneless anali ndi malo kunja kwa esiteti. Nthawi zonse akamva phazi kumbuyo ankapatukira m'tchire, poganiza kuti ndi alonda.

Atapuma pamthunzi wa nthochi, a Eneless anafunsa kuti akuthawa chiyani. Apa malume anafotokoza zonse, za mpeni, za ulusi, za botolo. A Eneless anagwira pamimba ndi manja awiri. Mantha anawagwira, ndipo sanabise. Koma patapita kanthawi anafunsa ndi mawu otsika:

"Nanga munamufunsa kuti aona bwanji, ine ndili moyo?"

"Mzungu amafunsidwa?" anatero malume.

A Eneless anatseka maso, ndipo ulendo unapitirira.

Nyumba ija inagwetsedwa sabata yomweyo. Ku Nsabwe malume anayamba kulima chinangwa ndi nthochi pamtsetse. Nthenda ya a Eneless inali ya nkhanza yachilendo. Inkaleka miyezi iwiri, iwo n'kunenepa pang'ono, n'kuyambanso kulalata monga kale, banja lonse n'kupuma. Kenako inkabwerera popanda chifukwa. Ikabwerera malume ankaletsa aliyense kutchula za chipatala, ndipo mlendo wovala nsapato akadutsa pamudzi ankawabisa akazi awo kuseri kwa nkhokwe. Anakhala choncho zaka ziwiri ndi theka.

A Eneless atamwalira, malume anaima pakhomo kudikira azimayi osambitsa maliro. Atatuluka anafunsa funso limene linadabwitsa onse: "Mimba yake ili yonse?" Anawauza kuti inde, palibe chipsera ngakhale chimodzi. Analira kwambiri, koma ankanena kuti m'kuliramo munali kachitonthozo. Nyumba anataya, ntchito anataya, koma mkazi wawo anamuika m'manda wathunthu.

Chitonthozo chimenecho anakhala nacho zaka zinayi. Mu 1938 anapita ku Khonjeni kukagulitsa nthochi pasiteshoni, ndipo anamva munthu akuitana, "Achimwene a Zitini!" Anali Winston, imvi zili mbuu, akudikira sitima. Anapatsana moni, nafunsana za kunyumba. Winston atamva za maliro anavula chipewa.

"Koma munathawiranji?" anafunsa. "Bwana uja anakudikirani Lolemba lonse. Anawiritsa kachitsulo kake kawiri."

"Mpeni," anatero malume.

"Mpeni wanji? Kapaipi, achimwene! Kotalika chonchi, kali ndi kanyali kunsonga. Amalowetsa kumbuyo, n'kusuzumira, n'kutulutsa. Zochititsa manyazi, inde, koma munthu amadzuka n'kumapita kwawo. Ine ndagwirizira anthu oposa makumi awiri. Bwana anali atakonza kale bedi, ndi mkaka, ndi phala la mpunga, kuti mayiwo apume osathyola tiyi."

Malume anakhala pansi pamkoko wa nthochi. Anafunsa chinthu chimodzi chokha.

"Akanachira?"

Winston anali munthu wosanama. "Sindikudziwa. Iyenso sankadziwa. Nthendayo ankati ngakhale kwawo ilibe mankhwala enieni, ena amakhala nayo mpaka kukalamba, ena ayi. N'chifukwa chake ankafuna kuona."

"Nanga akanafera m'chisakasa muja?"

Winston anayang'ana kunjanji. "Apo akanapempha kutumbula," anatero. "Kwa amene ali ndi abale ankapempha. Mukanatha kukana."

Sitima inafika, ndipo sanaonanenso. Nthochizo malume anazisiya pasiteshoni pomwepo.

Sanakwatirenso. Anamulera Jean okha, ndipo chodabwitsa n'chakuti munthu amene kale sankatsegula pakamwa anasanduka wovuta ndi mafunso. Ankafunsa mlangizi, ankafunsa m'busa, ankafunsa wogulitsa mchere. Ana akamazengereza kufunsa ankawakalipira kuti safunsa anadya phula, ndipo ankanena mwaukali umene anawo sankaumvetsa. Koma chipatala ankachiopabe. Titawatengera kumeneko m'chaka chawo chomaliza, anagwira chitseko cha galimoto ndi manja awiri, ndipo ndinachita kuwamasula chala chimodzichimodzi.

Dokotala wake anali Mmalawi mnzathu, mayi waulemu. Anawapima, nati mawa adzawajambula kuti aone m'kati. Ndinaona nkhope ya malume ikutuwa. Milomo inayamba kupanga mawu awo akale aja, ndipo ndinamva "Inde" akutuluka. Kenako anaima. Anagwira dzanja la dokotalayo.

"Amayi," anatero, "muona bwanji?"

Dokotalayo anafotokoza m'mawu ochepa, osakwana ndi mphindi imodzi. Malume anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anatembenukira kwa ine, misozi ikutsika m'makwinya.

"Basi?" anandifunsa. "Kufunsa kwake n'komweku?"