Mawu a mayi Gondwe m'kompyuta

Ndinanamizira magetsi, magetsiwo akuyaka.

Abwana anga anandituma ku fakitale ya khofi kumapiri a Phoka kuti ndikaike pulogalamu yatsopano ya malipoti. Kalaliki wake anali bambo Gondwe, mkulu wa mpingo, amene tsiku lililonse ankalemba pakompyuta maola amene khofi wakhala m'thanki ndi chinyezi chake akauma. Kumapeto kwa manambalawo kunali danga lopanda dzina. Ine, katswiri wa ku Lilongwe wothamangira minibasi, sindinaliwerenge, ndipo kusungako kope ndinaona ngati kutaya nthawi. Ndinangodina, n'kulifufuta.

Masana a Gondwe anavala magalasi, n'kumayendetsa chala pakompyutapo.

"Mwana wanga, nanga mawu aja ali kuti?"

Anandiuza kuti m'dangamo ankalemba zimene malemu akazi awo ankanena akanunkhiza khofi pathandala: "Wakwana uyu," "Musiyeni kaye." Mayiwo anasankha khofi pamenepo zaka zambiri, ndipo mphuno yawo inkaposa makina oyezera chinyezi.

"Magetsi anaphethira, bambo," ndinatero. "Zimatayika choncho."

Kuseri kwa khoma makina opuntha khofi ankalirabe monga analirira kuyambira m'mawa, osapumako ngakhale kamodzi. A Gondwe anamvetsera, n'kuyang'ana babu, kenako ine.

"Yewo," anathokoza mofatsa. "Magetsi a kuno amavuta chomene."

Anandiperekeza mpaka pamsewu, n'kundipatsa kapaketi ka khofi woti ndikamwe kwathu. Kali m'kabati mpaka lero. Nthawi zina ndimakatulutsa, n'kukanunkhiza, n'kukabwezera. Kumwa kokha ndiye kukundikanikabe.