Zidzukulu za haibulidi m'munda wa amayi

Amayi anga ankasankha mbewu ya chimanga tsiku lokolola, chisononkho chilichonse chisanalowe m'nkhokwe. Ankafuna chodzaza mpaka kunsonga, cha makoko otseka bwino kuti anankafumbwe asapeze polowera. Zosankhidwazo ankazimanga ziwiriziwiri n'kuzipachika kudenga la khitchini kuti utsi uzizisunga. Kwathu ku Njombwa, amayi anzawo ankabwera ndi mbale kudzapempha mbewu imeneyi.

Makuponi atayamba, kunabwera haibulidi wa m'timapaketi, njere zake zopakidwa mankhwala ofiira. Amayi anamubzala pamene panali fodya chaka chapitacho, ndipo anabereka moti nkhokwe inachepa, china tinachiunjika m'chigafa. Pokolola anachita monga mwa masiku onse: anasankha zisononkho zabwino n'kuzipachika. Kuponi ya mbewu ya chaka chotsatira anapatsa azakhali, poti iwo mbewu anali nayo kale. Chimanga cha makolo anasiya kubzala.

Ndinafika kumudzi mu Febuluwale ndipo ndinapeza munda wosokonekera. Paphando ili chimanga chondipitirira mutu, paphando lotsatira cholekeza m'chiuno. China chinali chitatulutsa kale ngayaye, china ayi. Feteleza anali yemweyo, mvula inali yomweyo.

"Maso anga atha," anatero amayi. "Chaka chino sindisankhanso. Wofuna mbewu akapemphe kwina."

Yankho ndinali nalo, ndipo ndinali nditalilemba kale m'nyuzipepala. Chaka chapitacho ndinapita kumalo ena ofufuzira za ulimi, kumene wasayansi anandionetsa mizere ya chimanga yothyoledwa ngayaye kuti ilandire mungu wa mtundu umodzi wokha. Anati haibulidi ndi mwana wa makolo awiri osankhidwa, ndipo ana onse a ukwati umenewo amafanana. Ukabzalanso njere zawo, zidzukulu zimabalalika. Anandiuzanso kuti masiku ano amadula kachidutswa ka tsamba la mmera n'kuwerenga chibadwa chake mu labotale, n'kudziwa ngati udzapirire matenda usanakule n'komwe. Nkhaniyo inawerengedwa ndi anthu a m'tauni. Amayi sindinawauze.

Ndinawafotokozera tili chiimirire m'mundamo.

"Ndiye ukuti izi ndi zidzukulu?"

"Inde amayi. China chatengera agogo a uku, china agogo a uko."

Anagwira phesi lalifupi n'kuligwedeza. "Ngati ana a mlongo wako. Wamkulu uja kutalika ngati mlongoti, wachiwiriyo ngati mtondo." Anaseka pang'ono, kenaka anandiyang'ana. "Kodi a mtolankhani, zimenezi munazidziwa liti?"

"Chaka chatha."

"Mbewu ili kudenga, inu n'kumadya m'khitchini momwemo?"



Tikubwerera kunyumba anafunsa chifukwa chake chimanga cha makolo sichinkachita zotere. Ndinati chimenecho si cha ukwati umodzi, ndi mtundu wathunthu, ndipo amene ankauwongola chaka ndi chaka anali iwowo, ndi maso omwewo. Anangoyenda patsogolo, khasu lili paphewa.

Chaka chimenecho nkhokwe inalekeza pakati. Mu Okutobala amayi anakwera kabaza kupita ku Chamama, kwa mayi wina amene iwo anamupatsapo mbewu kalekale. Ulendo uno mbale ananyamula ndi iwo. Anabwera ndi chimanga chawo chomwe chija, njere zolimba zoyera, ndipo anachibzala kumapeto kwa munda, kuseri kwa fodya, kutali ndi mungu wa haibulidi. Malowo anasankha okha, nditawauza kuti mungu umayenda ndi mphepo.

Haibulidi ankabzalabe, koma wa m'paketi yekha. Pokolola ndinawapeza atakhala pamulu wa cha makolo, akutembenuza chisononkho chimodzichimodzi. Madzulo asanafike anandituma kukatenga mpando kuti ndiwapachikire kudenga.