Buledi Amene Analibe Womudya

Zipani zitangoyamba kuchuluka m'dziko muno, amuna anga ntchito inawathera. Anali mlonda pa nyumba yosungiramo ufa ndi nyemba za anthu othawa nkhondo a ku Mozambique, kufupi ndi kwathu ku Lisungwi. Nkhondo itatha kwawoko, malole anayamba kubwera kudzawatenga, ndipo m'nyumba muja munatsala makoswe okha. Tinali ndi ana anayi, ndi munda wouma umene chimanga chake sichinkatifikitsa ngakhale pa Khirisimasi.

Masiku amenewo mawu oti bizinesi anali pakamwa pa aliyense. Tsiku lina ku tchalitchi kunabwera bambo wina wochokera ku Blantyre kudzaphunzitsa amayi za geni. Anaima kutsogolo, choko chili m'manja, nati:

"Musanayambe kalikonse, amayi, dzifunseni mafunso awiri. Kodi ndili ndi chiyani? Nanga n'chiyani chimene ine ndimatha kuposa mnzanga?"

Mayi wina kumbuyo anayankha kuti, "Ife tili ndi khasu basi," anthu n'kuseka. Ine sindinaseke. Ndinabwerera kunyumba ndikuwerengera m'mutu zimene ndinali nazo, ndipo ndinadabwa kuona kuti sizinali zochepa. Amuna anga anali ndi njinga. Mchimwene wanga ankalima tirigu ku mapiri, kumtunda kwa boma la Neno. Njerwa zinali mbwee m'mabwinja a anthu amene anapita aja. Koma chachikulu chinali m'manja mwangamu: ndinkadziwa kuphika buledi.

Anandiphunzitsa ndi mayi wina wothawa nkhondo amene ankakhala kutsidya kwa khwawa lathu. Kwawo ankagwira ntchito kukhitchini kwa Apwitikizi. Buledi wake anali wamng'onowamng'ono, wopanda shuga, kunja kolimba, m'kati mofewa ngati thonje. Ndinkamupatsa masamba a m'dimba, iye n'kumandionetsa kakandidwe ka ufa. Tsiku lokwera lole anandisiyira malata ake awiri ophikira.

Ndinawafotokozera amuna anga akukonza tcheni cha njinga.

"Anzanga onse pamsika ndi mandasi ndi zitumbuwa," ndinatero. "Buledi ameneyu palibenso wina amamudziwa kuno, ndine ndekha."

"Ndamva, mayi. Koma nanga adzagula ndani?"

"Kodi anthu asiya kudya?"

Sanatsutsenso. Anatuta njerwa, tinamanga uvuni kuseri kwa nyumba, tikumata ndi dothi la pachulu. Anakwera mapiri ndi njinga kukatenga tirigu kwa alamu awo, ndipo ndinakagayitsa. Buledi woyamba atatuluka, fungo linafika mpaka kunjira, oyandikana nafe n'kumasuzumira pampanda. Ndinavala chitenje chabwino, dengu pamutu, ulendo wa kumsika.

Msika ndinaupeza utachepa. Kale munthu unkachita kudutsa cham'mbali chifukwa cha khamu, koma tsopano ogulitsa tinkangoyang'anana tokhatokha. Bambo wina wogulitsa usipa anatenga mmodzi, n'kuluma, n'kuyamba kutafuna ngati akutafuna mzimbe.

"Kodi shuga mwaiwala, amayi?"

"Ndi mmene amakhalira, bambo."

"Aaa, uyutu angachotse munthu dzino."

Anthu amene ankakonda buledi wotere ndi omwe aja anakwera malole. Ndinazindikira zimenezi nditaima padzuwa, ntchentche zikuzungulira dengu. Ndinali nditawerenga zonse zimene ndinali nazo, koma sindinawerenge anthu amene anatsala.

Sindinafooke msanga. Tinaganiza zoyesa ku boma, kumene kuli aphunzitsi, anamwino ndi anthu a m'maofesi. Amuna anga ananyamuka m'mawa, katoni atamanga kumbuyo kwa njinga. Mvula inawapeza pachitunda, msewu unasanduka phala, ndipo anakafika masana akukankha njinga, katoni itanyowa. M'magolosale a kumeneko anapezamo kale buledi wa ku Blantyre, wamkulu, wofewa, wokutidwa m'pepala lapulasitiki lolembedwa bwino. Mwini golosale ina anangogwira wathu ndi chala chimodzi n'kupukusa mutu.

Anabwerako matope mpaka m'mawondo. Anatsitsa katoni pakhonde. Sabata imeneyo ana anadya buledi m'mawa, masana ndi madzulo, mpaka wamng'ono anayamba kulira akangoona dengu.

Ndiye ndinachita chinthu chimene chimandiwawa mpaka lero. Ndinayamba kuthiramo shuga. Ndinachepetsa moto kuti asamalimbe kunja, n'kuthiramonso utoto wachikasu. Chinatuluka chinali sikono, ndipo masikono analipo kale pamsika, ophikidwa ndi amayi awiri amene anali ndi makasitomala awo kuyambira kale. Awo anali okoma kuposa anga. Chinthu chimodzi chimene ndinkaposa nacho anzanga ndinachiwononga ndi manja anga omwe, osapindulapo kanthu.

Tirigu atatha, mchimwene wanga anatumiza uthenga woti chaka chimenecho sanakolole bwino, wotsalayo ndi wambewu. Sindinamudandaule. Kunena zoona, mtima unapepuka kuti ndapeza chifukwa cholekera chimene sichinali changa.

Mwezi wa Febuluwale njala inalowa m'nyumba. Amuna anga, amene moyo wawo wonse ankanyoza anthu ootcha makala, ananola nkhwangwa n'kulowa m'tchire. Ine ndinkathandiza kukwirira mitengo ndi dothi, utsi ukutilowa m'maso. Matumba tinkakawaimika m'mbali mwa msewu wa tala, pakati pa matumba ena ambirimbiri ofanana ndi athu, ndipo galimoto ikaima tonse tinkathamangira limodzi, aliyense akukuwa kuti ake ndiwo abwino.

Amuna anga chifuwa chinawayamba chaka chachiwiri. Ankati ndi fumbi chabe, chitha chokha. Anapitirizabe kupita kutchire mpaka tsiku limene analephera kunyamula nkhwangwa, ndipo kuyambira pamenepo ndinkapita ndekha.