Ukanangoti Nkhuni

Kuseri kwa nyumba yathu, ku laini ya kumunsi pa esiteti ya tiyi, kuli kashedi ka nsungwi kofolera malata akale. Kali ndi chilolezo cha ku ofesi, ndiye palibe kapitawo angabwere kudzakagwetsa. Timasungamo nkhuni. Anthu odutsa popita kumpopi amaseka akaona kuti kali ndi zenera, ati nkhuni za pakhomo pano zimafuna kuona kunja. Ine sindiseka nawo, ndiye amati ndine mayi wovuta. Kuvuta ndimavutadi, sindikana, koma pa nkhani ya zenerali amandilakwira.

Bambo anga anagwira ntchito yodulira tiyi pa esiteti yomweyi mpaka msana unapindika. Makolo awo anachokera ku Mozambique kalekale, pofika anangolowera m'malaini, moti ife tilibe mudzi woti tiloze kuti uko ndi kwathu. Kwathu ndi nyumba ya kampani. Bambo atamwalira kampani inafuna nyumba yake, ndipo amayi anga anatuluka ndi mphasa, mapoto ndi kampando kawo kokhalapo. Maso awo anali atayamba kale kuona mbuu. Pa ana awo onse ndinatsala ndine ndekha, ndiye akanapita kwa yani? Anabwera kwa ine.

Nyumba ya ku laini ndi chipinda chimodzi ndi pabalaza, khoma lapakati losafika kudenga. Munthu akatembenuka pabedi, wa pabalaza amamva. Tsono amayi anga ndi amuna anga ndi pachipongozi. Chikwatiwireni ine, anthu awiriwa anali asanayang'anizanepo maso. Akakumana panjira wina ankapatukira m'tiyi, moni ankapatsana wina ali kuseri kwa khoma. Sikunali kudana ayi, unali ulemu wa makolo athu, ndipo ankakondana kwabasi. Amuna anga akabwera ndi tinsomba touma kuchokera kumsika, tokoma tonse ankati ndi ta apongozi, n'kudutsira m'manja mwanga. Koma za kugona denga limodzi, kumamvana mkonono, amayi anakanitsitsa. Anati bola akagone pansi pa mtengo.

Mwayi wake linali dzinja, tiyi ataphuka kwambiri, fakitale ikugwira usana ndi usiku. Amuna anga amagwira kumeneko, ndiye anakapempha shifiti ya usiku. Akamatuluka madzulo amayi ankalowa. Akamabwera m'mawa ankapeza amayi atatuluka kale, ali pakampando kawo kuseri, akusankha nyemba za kalongonda ndi zala poti maso sankathandiza. Zinayenda choncho dzinja lonse. Koma tonse tinkadziwa kuti mvula ikatha masamba amachepa, shifiti ya usiku n'kutsekedwa. Pankafunika kachipinda kapanja nthawiyo isanakwane, apo ayi amayi analibe pogona.

Pa esiteti sungangodzuka n'kukumba dzenje kuzika mtengo. Dothi ndi la eni ake. Ukafuna kashedi umapita ku ofesi ya za nyumba kukapempha pemiti, ndipo malamulo ake ndi mbwee. Njerwa ayi, simenti ayi. Kasayandikire chimbudzi, kasatseke ngalande, kasakhale kumaso koonekera pamsewu wodutsa alendo a kampani. Mitengo isachokere m'nkhalango yawo ya bulugamu. Ndipo lamulo lalikulu ndi lakuti shedi ndi ya katundu, si yogonamo munthu. Ati malaini angasanduke mudzi, ndipo moto utabuka munthu n'kupsera m'katimo, mlandu ungagwere kampani.

Lamuloli aliyense ankalidziwa, kazembedwe kakenso aliyense ankakadziwa. Mu laini mwathu mashedi onse anali a nkhuni. Nkhuni za nyumba ina zinali mlamu wake wa mwini nyumba. Za kumapeto kwa laini zinkatsokomola m'mawa uliwonse, n'kumasutanso chingambwe. A kapitawo a ku laini akamadutsa ankangoyang'ana kumbali. Mnzanga amene ndinkatchola naye tiyi anandilangiza tili pamzere wa sikelo kuti ndikakafika ku ofesi ndikangoti nkhuni, ndisakaonjezere kanthu. Amuna anga anandibwerezeranso zomwezo, poti pakamwa panga amapadziwa. Ankafuna kupita okha, koma masana ankakhala ali m'tulo, ndipo ine ndinawauza kuti amayi ndi anga, ndipita ndekha.

Ndinapita nditangoweruka, pulasitiki ya kumunda idakali m'chiuno. Mtima unali utapsa kale tsikulo, chifukwa pa sikelo anandibwezera masamba ati ndatchola okhwima. A kalaliki a za nyumba anali bambo achikulire a magalasi, opemphera tchalitchi chimodzi ndi ife. Anandilandira bwino, kundipepesanso za maliro a bambo. Amayi anga ankawadziwa, ndipo ankadziwa bwino lomwe kuti ali kwathu. Anafunsa za malo, za nsungwi, za malata, ine n'kumayankha mwaulemu. Kenaka anafunsa kuti m'shedimo ndizidzasungamo chiyani.

Yankho lija ndinali nalo pakamwa, Mulungu ndi mboni. Koma mawu akuti kusungamo ndi amene anandibaya. Amayi anga anatchola tiyi wa kampani yomweyi mpaka zala zinauma, lero ndiwalembetse ngati mtolo?

"Muzidzagona amayi anga," ndinatero.

Bambo aja sanalembe. Anaika cholembera pansi, anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi malaya. Kenaka anati sanamve bwino chifukwa cha thirakitala imene inkadutsa panja.

"Mayi, ndifunsenso. Mwati muzidzasungamo nkhuni, eti?"

Lero ndimamvetsa kuti munthu uja ankandithandiza. Tsikulo ndinamva ngati akunditukwana. Ndinadzambatuka pabenchi.

"Amayi anga si nkhuni. Lembani kuti amayi anga."

Ndinanena mokweza, moti anthu odikira panja anamva, ndipo bwana wa ofesiyo anasuzumira pakhomo kuti aone chikuchitika n'chiyani. Apo a kalaliki analibenso pozembera. Analemba zimene ndinanenazo. Anandiuza motsitsa mawu kuti pempho lotere silingadutse, koma amayi akhoza kumagona nafe m'nyumba, lamulo silikuletsa. Ndinawafunsa ngati iwowo amagona nyumba imodzi ndi apongozi awo. Iwo anangoitana munthu wotsatira.

Ndinatuluka ndikudziona ngati ndapambana, mpaka kumpopi ndinakafotokoza monyadira. Azimayi ankangoti mwalimba mtima anzathu, koma palibe anaseka. Amuna anga atamva sanandikalipire. Anangokhala pabedi n'kumayang'ana jombo zawo. Nsungwi anali atakatenga kale kwa mnzawo ku Nchilamwela, zili mulu kuseri.

Pemiti inakanidwa. Popeza nkhani inafika kwa bwana, a kapitawo anauzidwa kuti aziyang'anira pakhomo pathu, moti tikanamanga mozemba akanagwetsa, mwinanso nyumba yomwe ikanatichoka. Anansi nawo anandikwiyira, chifukwa kwa kanthawi ndithu nkhuni zawo zinkadzuka mbandakucha kukabisala. Ndinameza malovu n'kubwerera ku ofesi, kukanena kuti ndasintha maganizo, ndi nkhuni basi. A kalaliki anandifunsa kuti angakhulupirire ndani tsopano. Anati ndidikire nkhani izizire, mwina bwanayo akadzamusintha.

Mvula inatha, shifiti ya usiku inatsekedwa. Amuna anga anayamba kukagona kwa mnzawo wosakwatira ku laini ina, osadandaula ngakhale tsiku limodzi. Tinkati tawabisira amayi, koma munthu wa maso ovuta makutu ake amakhala akuthwa. Tsiku lina pochokera kumunda ndinawapeza atamanga mphasa ndi mapoto awo. Anati sangapitikitse mwana wa eni m'nyumba mwake, maukwati amatha ndi zinthu zotere. Anali atatumiza kale uthenga ku Khonjeni kwa msuweni wa malemu bambo, mayi wamasiye, ndipo iye anavomera kuwasunga. Ndinalira, ndinakalipa, ndinamasula mphasa ija, iwo anaimanganso. Anakwera kabaza, kampando kawo atakamangirira kumbuyo. Ana anga anathamangira njingayo mpaka pamlatho.

Ku Khonjeni ndi kutali kwa munthu wa dengu amene amapuma Lamulungu lokha. Ndinkapitako ndikapeza mpata. Mayi owasungawo anali munthu wabwino, koma ankakhala kudimba tsiku lonse, amayi n'kutsala okha pakhonde, opanda mdzukulu wowatungira madzi kapena wowasokosera. Ankawonda ndikuona. Kudandaula sankadandaula. Ankangofunsa za ana mmodzimmodzi, n'kufunsanso ngati bambo a kunyumba abwerera pabedi pawo.

Za ku ofesi zija anali atazimva kalekale, koma sanazitchulepo. Ndinaziyambitsa ndine. Tili pakhondepo ndinawauza kuti ine sindikanalola munthu wina aliyense kuwatcha nkhuni. Kunena zoona ndinkafuna andiyamikire, chifukwa mtima unkandiwawa. Anapapasa dzanja langa, kenaka anaseka pang'ono.

"Iwe mwanawe, ukanangoti nkhuni. Ine ndikanakhala nkhuni. Nkhuni zimakhala pakhomo."

 Pobwerera ndinalira njira yonse, wa kabaza mpaka anafunsa ngati ndikuchokera kumaliro.

Mpaka lero ndikaganiza ndimapsa mtima. Ndinanena zoona, ndipo lamulo limene limalola mtolo wa nkhuni kukhala ndi denga koma mayi wokalamba ayi, ine sindidzalilemekeza. Koma zoona zanga zija anazilipira ndi amayi, osati ine, osatinso kampani. Ndimanong'oneza bondo, ndipo sindibisa.

Bwana uja anadzamusinthadi chaka chinacho. Ulendo uno amuna anga anapita okha, ndipo sanandifunse n'komwe. Anati nkhuni, a kalaliki analemba osadzutsa mutu, pemiti inatuluka. Nsungwi zoyamba zija zinali zitafumbwa, anakatenga zina. Ankamanga madzulo akaweruka, ine n'kuzira pansi. Chakum'mawa anaboola zenera n'kuikapo kachitseko ka thabwa, ati apongozi kuwala amakuonabe ndipo amakonda dzuwa la m'mawa. A kapitawo atadzayendera analiyang'ana zeneralo nthawi yaitali, kenaka anati nkhuni zimauma bwino kukamapita mphepo, n'kumapita.

Tinatumiza uthenga ku Khonjeni kuti tikawatenga Lamulungu. Akuti atamva anamangiratu mphasa yawo. Mkati mwa sabata kunagwa chiperoni, kuzizira kolowa m'mafupa kuja, ndipo foni inalira ndili m'munda. Chinali chibayo, sichinachedwe kuwatenga amayi. Tinawaika komweko, kumanda a eni ake, poti ife tilibe athu. Poona nkhope amuna anga anaima pabokosi nthawi yaitali mpaka anthu anachita kuwakoka. Aka kanali koyamba kuwayang'ana apongozi awo kumaso.

Kampando kaja tinabwera nako, kali m'shedimo pansi pa zenera. Nkhuni timaziunjika mbali inayo. Nthawi ya dzinja mvula imawazira pazenerapo n'kunyowetsa nkhuni, ndipo ana akhala akunena kuti tingolikhomerera thabwa. Bambo awo amakana. M'mawa uliwonse popita ku fakitale amadzera kuseri n'kulitsegula.